Namchira ndi Nkhokwe Yopanda Phaka

Padangokhala, ndipo "tili tonse" wanuyo atuluke ndi mphamvu, pakuti nthano iyi ndinaisoka ndekha, sindinaitole pachitsime ayi.

Padangokhala dziko lina la nyama limene linali ndi sukulu ya ukachenjede imodzi yokha, koma yotchuka mpaka kutsidya. Kutchukako kunali kwa zisoti. Nyama ikamaliza maphunziro inkavekedwa mkanjo wakuda ndi chisoti chachitali cha chingwe cholendewera, ndipo chaka ndi chaka zisotizo zinkatalikirako. Mwini sukuluyo anali Mfumu Njati, amene ankavala zisoti ziwiri, china nyanga iyi, china nyanga iyo, poti chimodzi chinkakana kukhazikika pakati.

Malamulo a sukuluyo anali awiri. Loyamba linkati wophunzira safunsa funso, kufunsa ndi mwano. Lachiwiri linkati nyama yopanda chisoti isayerekeze kuluka nkhokwe m'dziko lonselo, ndipo yopezeka italuka, mchira udulidwe.

Tsono chiyambire lamulo lachiwirilo, chimanga chinasiya kukhalitsa. Mukolole bwinobwino, muthire m'nkhokwe yolukidwa ndi mwini chisoti, mwezi usanathe nkhokwe ili pululu. Akuluakulu a sukulu anakhala pansi kufufuza, napeza kuti chimanga cha masiku ano chimasungunuka chokha ngati mchere. Wotulukira zimenezo analemba masamba a nthochi mazana atatu, ndipo anamuwonjezera chisoti china pamwamba pa chakale.

M'dzikomo munali Gologolo wamkazi, dzina lake Namchira. Sukulu sanaipondeko, koma kuluka nkhokwe anaphunzira kwa mayi ake asanaphuke mano onse. Chuma chake chinali mchira. Ankaupesa katatu pa tsiku, kuudzoza mafuta a nsatsi, ndipo akamadutsa pamsika ankauimika kuti ngakhale amene sanafune kuuona auone.

Chaka china Namchira anamvera chisoni mayi wamasiye, a Nkhanga, nawalukira kankhokwe kuseri kwa nyumba. Mwezi unatha, chimanga chilipo. Miyezi inayi, chimanga chilipo. Mbiri inawanda, ndipo amene anakaitula kwa mfumu anali a Khoswe, woyang'anira mabuku a pasukulu, msuweni wake weniweni wa Namchira.

"Mayi," anafunsa Mfumu Njati pabwalo, "chisoti muli nacho?"

"Ndili ndi manja, wawa."

"Manja ali ndi aliyense. Nyani ali nawo anayi. A Sajeni, bwerani!"

Sajeni Nkhanu anafika chambalichambali, akukhetsula sizasi zake zobadwa nazo, khethe, khethe. Namchira anamva mchira ukuzizira kuyambira kunsonga. Anagwada, naomba m'manja.

"Wawa, dulani, mchira ndi wanu. Koma ndikudandaula za mbiri ya sukulu yanu. Kutsidya akamva adzati, sukulu ya a Njati inalephera kuphunzitsa kagologolo kamodzi, mpaka anachita kuitana sizasi. Mbuli ngati ine mutaiveka chisoti m'nyengo imodzi, ndani angatsutsenso kuti sukulu yanu ndi yamphamvu?"

Mfumu inagwedeza mutu, zisoti zonse ziwiri zinavomera.

"Chabwino. Mayeso ndi atatu. Tsiku lothira chimanga changa m'nkhokwe likafika, mukhale mutakhoza onse. Kulephera amodzi okha, a Sajeni agwira ntchito. Ndipo azikutsatirani kulikonse."

Tsiku loyamba Namchira analunjika kunyumba ya mabuku, a Sajeni pambuyo, khethe, khethe. Anapeza a Khoswe atakhala pampando, mimba ili pamaondo.

"Msuweni, mwanenepatu! Mabuku amanenepetsa chonchi?"

"Ndi nzeru, msuweni. Kwa ena zimakhala m'mutu, kwa ife zinasefukira m'mimba. Mwabwera kudzatsazika mchira?"

"Wanuwo ndi wa ubweya lero, musaunyoze wa mnzanu. Ndipatseni Buku Lalikulu la Nkhokwe."

Kuwerenga Namchira ankadziwa pang'ono, koma nambala sizinkamuvuta. Tsamba loyamba linkanena za kuzika mphanda. Lachitatu, kuluka khoma ndi nsungwi. Lachinayi, denga. Lachisanu linali lolembedwa chatsopano, ndi tizilembo ting'onoting'ono, ndipo linkati nkhokwe ivekedwe siketi ya udzu kufikira pansi, miyendo yake isaonekere, chifukwa ndi ulemu. Tsamba lachiwiri panalibe. Pamalo pake panangotsala kamphepete kodyekadyeka. Ndipo m'buku monsemo munalibe liwu ndi limodzi lomwe lonena za phaka, nsanja ija imene imayalidwa pamwamba pa mphanda kuti chimanga chikhalirepo.

Namchira anayang'anitsitsa kamphepeteko. Mano a pabanja sasowa.

"Msuweni, tsamba lachiwiri li…"

"Khethe!" anatero a Sajeni. "Limenelo likumveka ngati funso, mayi."

"Ayi, a Sajeni, ndimangoyamikira. Ndimati tsamba lachiwiri lidali lokoma, zikuoneka."

A Khoswe anakhosomola, natseka bukulo.

Potuluka, Namchira anayamba kuimba. Kanyimbo kake kanali kakafupi, ka kayendedwe ka pamtondo. Mbali yoyamba inkatonthoza mchira kuti usanjenjemere, sizasi zikadali kumbuyo. Mbali yachiwiri inkafunsa moseka kuti kodi chimanga chikalowa m'nkhokwe chimakhalira chiyani, ndipo wovomera ankangobwereza funsolo kawiri.

"Mayi, mukufunsatu apa."

"Ndikuimba, a Sajeni. Pa malamulo awiri aja, loletsa nyimbo ndi liti?"

A Sajeni anawerenga malamulowo pa miyendo yawo, napeza kuti palibe. Tsiku limenelo Namchira anaimba yekha, navomera yekha.

Mayeso oyamba anali a Pulofesa Mvuu, mkulu wa phunziro la Chiyambi cha Nkhokwe. Abambo amenewa ankaphunzitsa ali m'dziwe, pakamwa pali pansi pa madzi. Ophunzira ankakhala m'mbali ndi masamba awo, n'kumalemba zimene zikutuluka. Thovu likatuluka lalikulu, ziro wamkulu. Likatuluka laling'ono, ziro wamng'ono. Mbidzi wina amene anali m'chaka chachinayi anaonetsa Namchira mtolo wa manotsi ake, maziro okhaokha, nanong'ona kuti, "Ndi zakuya, mayi. Musayembekeze kuzimva chaka choyamba."

Tsiku la mayeso wophunzira aliyense ankaima n'kunena zimene anatolapo. Mbidzi anayesa kufotokoza ndi mawu omveka. Pulofesa anatulutsa mphuno.

"Zamveka kwambiri. Walephera."

Itafika nthawi ya Namchira, anatunga madzi m'chikho, naviika kamwa lake m'menemo, nayamba: bwibwibwi, bwibwi, bwiiii. Anapuma pang'ono ngati akuganiza, nakweza chala, nawonjezera bwibwi wina wautali. A Mvuu anatulutsa mutu wonse, misozi ili m'maso.

"Zaka makumi atatu ndili m'madzi muno, sindinamvepo wophunzira wondimvetsa chotere. Makamaka pomaliza paja! Wakhoza, mwanawe, wakhoza."

Namchira anapukuta kukamwa ndi nsonga ya mchira, naiyamba nyimbo ija ya pamtondo. Ulendo uno Mbidzi ndi anzake olephera anavomera, poyamba chapansipansi, kenaka ndi m'manja momwe. A Sajeni sanaimbe, koma khethe khethe wawo anayamba kugwera m'kayendedwe ka nyimboyo.

Mayeso achiwiri anali a Dokotala Kadzidzi, mwini phunziro la Kusungunuka kwa Chimanga, yemwe uja wa zisoti zosanjikiza. Awa ankaphunzitsa masana ali m'tulo, maso ali tong'o, kotero kuti ophunzira ankaona ngati akuganiza mozama. Namchira anakhala m'kalasimo masiku atatu akuwaonetsetsa. Anapeza kuti belu silinkawadzutsa, bingu silinkawadzutsa, koma wina akangotchula dzina lawo ankadzidzimuka, n'kuchonga ndi chikhadabo patsamba limene lili pafupi, n'kugonanso.

Tsiku la mayeso Namchira anaika tsamba lake pansi pa phazi lawo, naimirira.

"Monga ananenera Dokotala Kadzidzi…"

Maso phethi, chikhadabo khwa!

"…chimanga ndi chimanga. Ndipo Dokotala Kadzidzi…"

Khwa!

"…pogwirizana ndi Dokotala Kadzidzi, anatsutsa onse otsutsa Dokotala Kadzidzi."

Khwa! Khwa!

Anapitiriza chomwecho mpaka tsamba linabooka ndi kuchonga. Pomaliza Dokotala anayasamula.

"Mayi awa awerenga kwambiri. Akhoza ndi ulemu wapadera."

Ndiyetu musamatiopseze ndi mikanjo. Ine amene ndinakhoza Folomu Folo osabwereza ndikudziwa kusiyana kwa kuchonga ndi kuwerenga.

Tsiku limenelo nyimbo inatuluka m'kalasi n'kukafika kumsika. Amayi ogulitsa therere anaivomera, opala nkhuni anaivomera, ndipo madzulo asanafike ophika kunyumba ya mfumu anali kusinja nayo.

Mayeso achitatu ndiwo anali ndi mano. Wophunzira wopambana ankaluka nkhokwe ya mfumu, pamalo omwe aja a chaka ndi chaka, motsata Buku Lalikulu, ndipo wochonga anali a Khoswe. Chaka chimenecho wopambana anali Namchira, ndipo anaona kuti msampha watchedwa mbali zonse. Akayala phaka, wapatuka m'buku, walephera, mchira wapita. Akapanda kuyala, ndiye kuti iye, mwana wa mayi ake, waluka dengu lopanda pansi dziko lonse likuona, ndipo chimanga chikadzatha a Khoswe adzati vuto ndi manja a mbuli, mchira n'kupitabe.

Anayamba kukumba maenje a mphanda mutu uli gwa. Dzenje loyamba, palibe kanthu. Lachiwiri, palibe kanthu. Pa lachitatu mtengo wokumbira unangoti phulu, kulowa wonse osagunda kanthu. Namchira anagwada ngati akuchotsa dothi, naika mphuno pabowo. Fungo la chimanga chakale. Anaika khutu. Munamveka timawu tambirimbiri tikukangana za malichero.

"Mwapeza chiyani, mayi?" anafunsa a Sajeni.

"Nyerere, a Sajeni. Zonenepa."

Anatseka bowolo ndi chibuma, nazika mphanda cha pambali. Analuka khoma losalala ngati lichero la mkwatibwi, anafolera denga, anaiveka nkhokwe siketi ya udzu kufikira pansi. Phaka sanayale. A Khoswe atabwera kudzachonga anasuzumira m'kati, naona dothi lili poyera, namwetulira mpaka ndevu zinagunda makutu.

"Msuweni, sukulu yakusulani. Mwakhoza."

"Ndathokoza, msuweni. Mawa mudzakhaletu kutsogolo."

"Aa, mawa m'mimba mudzandipweteka. Ndikumva kale."

Kutacha, dziko lonse linasonkhana. Mitanga ya chimanga cha mfumu inakhuthulidwa m'nkhokwe, chimanga n'kumagwera padothi kuseri kwa siketi, kuunjikana mpaka chinaonekera pamwamba. Nyama zinalulutira. Chinatsala n'chakuti mphunzitsi wa wopambana ayankhule, kenaka mfumu iveke chisoti.

Apa Namchira anagwada pakati pa a Mvuu ndi a Kadzidzi.

"Mabwana anga, ine ndasokonezeka. Nonse munandiphunzitsa, koma woyankhula ndi mmodzi. Ndimaganiza kuti amene nzeru zake n'zolemera kuposa mnzake akwere m'nkhokwemo, aime pamwamba pa chimanga, dziko lonse limuone. A Dokotala ali ndi mapiko, kwa iwo n'kosavuta…"

"Kadzidzi?" anabangula a Mvuu.

Dokotala anadzidzimuka, nachonga mpweya.

"Nzeru za Kadzidzi zingalemere kuposa zanga? Mwanayu anandimvetsa ine! Ndinyamuleni!"

Anachotsa denga. Njovu ziwiri zinakweza Pulofesa, mkanjo ndi chisoti chomwe, n'kumukhazika pamwamba pa muluwo. A Mvuu anatambasula dzanja, natsegula kukamwa kuti kwa nthawi yoyamba m'zaka makumi atatu aphunzitse pamtunda.

Pansi panati tsetse. Panati gugugu. Kenaka didididi!

Pulofesa anazimirira. Chimanga chinazimirira. Siketi ya udzu inang'ambika, ndipo pamene panali dothi panayasama chidzenje chachikulu, chodzaza ndi chimanga cha mfumu cha zaka ndi zaka, chosanjidwa bwino chaka chilichonse pachokha. Makoswe anati balala, ena malichero akadali kumutu. Mmodzi yekha sanathawe: a Khoswe odwala m'mimba aja, ali mu mkanjo wawo, mchira utapanikizika pansi pa thako la Pulofesa.

"Msuweni!" anafuula Namchira kuchokera pamwamba. "M'mimba muli bwanji?"

Koma Mfumu Njati sinaseke. Inafwenthera, chisoti cha kumanzere chinagwa.

"Nkhokwe yanga ilibe pansi! Wandilukira dengu lobooka! A Sajeni!"

Sizasi zinaugwira mchira patsinde penipeni. Namchira anamva ubweya ukuthothoka umodziumodzi. Anatembenukira kwa mfumu.

"Wawa, ndaluka monga mwa buku. A Pulofesa anati ndakhoza. A Dokotala anati ndakhoza ndi ulemu. Msuweni wanga ali apoyo anachonga dzulo. Ngati ndalephera, ndalephera pamodzi ndi zisoti zonse zili pano."

Ndiye cha kumbuyo mayi Nkhanga, wamasiye uja, anaiyamba nyimbo ija ya pamtondo. Mbidzi anavomera. Amayi a therere anavomera. Funso lija linayenda kuzungulira bwalo kawirikawiri, mpaka mfumu inadzipeza ikuling'ung'udza, poti inakhala ikulimva kukhitchini kwake sabata yonse. Inaima pakati pa nyimbo, makutu ali njo. Kunali koyamba kumva mawu ake.

"Inde. Chimanga chimakhalira chiyani? Dokotala Kadzidzi!"

Khwa!

"Musachonge, yankhani!"

"Wawa, funso limenelo m'buku mulibe."

"Pulofesa Mvuu!"

Kuchokera m'dzenjemo Pulofesa anayang'ana uku ndi uku kufuna madzi oviikamo kamwa. Munalibe.

"Wawa… sindikudziwa. Palibe anandifunsapo."

Mfumu inatembenukira kwa omaliza maphunziro, mizere khumi ya zisoti zazitali. Zisoti zonse zinaweramira pansi.

"M'dziko langa lonseli palibe wodziwa?"

"Chimakhalira phaka, wawa," anatero Namchira. "Zinali pa tsamba lachiwiri. Tsambalo lili m'mimba mwa msuweni wanga, pamodzi ndi chimanga chanu. A Sajeni akandisiya ndikuyalirani dzuwa lisanapendeke."

"A Sajeni, musiyeni."

Sizasi zinatseguka. Namchira anaukumbatira mchira, nauwerenga ubweya.

Njovu zinavuula Pulofesa, ndipo a Khoswe pofuna kuthawa anakoka mchira wawo mwamphamvu thako lisananyamuke. Unatuluka, koma ubweya wonse unatsalira komweko. A Sajeni anauyang'ana, nati wotere ngakhale kuudula n'kuononga sizasi.

Namchira anayala phaka nyama zonse zikuona, ophunzira atamuzungulira. Mbidzi anaiwala lamulo.

"Mayi, mitengo yopingasayo mukuimangiranji kawiri?"

Aliyense anayang'ana a Sajeni. A Sajeni anayang'ana mfumu. Mfumu inakanda khutu.

"Ayankheni. Nanenso ndimafuna kufunsa zomwezo."

Ntchito itatha, Mfumu Njati inatola chisoti chake chija, nichisasa fumbi.

"Mayi, sukulu yanga yachita manyazi. Ndaganiza zoilimbitsa. Kuyambira chaka chamawa zisoti zitalike kawiri."

"Wawa, chisoti n'chimodzimodzi denga ili. Likongole bwanji, chimanga sichikhalira denga."

"Nanga mukuti titani? Tikuvekeni upulofesa?"

"Upulofesa ndidzautenga ndikadzaufuna. Ndipatseni zinthu ziwiri. Choyamba mwachiyamba kale, wophunzira azifunsa mpaka amve. Chachiwiri, mphunzitsi aliyense azisunga chimanga cha pakhomo pake m'nkhokwe yoluka ophunzira ake. Osati ya ine. Ya ophunzira ake."

A Mvuu anayang'ana Mbidzi, nakumbukira maziro a zaka zinayi, nakumbukira ana awo asanu ndi awiri ndi kadyedwe kawo. A Kadzidzi anadzuka popanda wowatchula.

"Wawa," anatero onse awiri pamodzi, "zimenezo n'zankhanza."

"Zalembedwa," inatero mfumu.

Sabata yotsatira, wodutsa padziwe anaona zimene makolo ake sanaone. Pulofesa Mvuu ali pamtunda, thukuta lili kamukamu, nsungwi ili m'manja, akufuula mawu omveka mpaka kumsika: "Mwamva? Amene sanamve afunse! Iwe Mbidzi, funsa, ndakupemba, funsa!" Ndipo akakanika kuyankha ankathamangira kwa Namchira, mimba ikugwedezeka, kukafunsa nawonso. Dokotala Kadzidzi anasiya kuchonga dzina lawo, nayamba kugwedeza phaka la wophunzira aliyense ndi miyendo yonse iwiri. Chaka chimenecho chimanga sichinasungunuke, ndipo a kutsidya anayamba kutumiza ana awo, osafunsako n'komwe kutalika kwa zisoti.

Chisoti chake Namchira anachilandira, anachiyesa kamodzi, naona kuti chikumubisa nkhope. Anachipereka kwa mayi Nkhanga kuti aziikiramo mazira. Iye anangoimika mchira, naupindira pamwamba pa mutu, nadutsa pamsika pang'onopang'ono.

Mpaka lero gologolo akakhala pansi amadziveka chisoti chimenecho. Khoswe mchira wake ndi wosalala, ndipo akapeza buku amalidyabe, poganiza kuti mwina muli tsamba lonena za phaka.

Nthano yanga yakhalira pamenepo, ndipo ili ndi pansi pake. Amene sanamve afunse.